Tramu ya ku Blackpool: ntchito yabwino imene khonsolo inachedwa kuifikitsa ku siteshoni

Blackpool ndi tauni ya alendo m'mphepete mwa nyanja ya Irish Sea, kumpoto chakumadzulo kwa England. Okhazikikamo ndi pafupifupi 141,000 malinga ndi kalembera wa 2021, koma nyengo yotentha anthu amasefukira kuchokera ku Manchester, Liverpool, Leeds ndi ku Scotland. Mlendo akafika maso amathamangira ku chinsanja cha Blackpool Tower, chotalika mamita 158, koma chimene chimasenza tauniyi tsiku ndi tsiku ndi tramu, sitima yaing'ono yamagetsi yoyenda pa njanji zoyalidwa mumsewu ndi m'mbali mwake. Njanjiyo ndi yotalika makilomita 18, kuchokera ku Starr Gate kumwera kukafika ku Fleetwood Ferry kumpoto, ndipo ulendo wonse umatenga pafupifupi ola limodzi.

Amayendetsa matramuwa ndi Blackpool Transport, kampani imene mwini wake ndi khonsolo ya Blackpool yokhayokha. Chigawo cha kumpoto, cha ku Cleveleys ndi Fleetwood, chili m'dera la Wyre, komwe za misewu ndi zamtengatenga zili m'manja mwa Lancashire County Council. Choncho kuunika tramuyi n'kuunika zimene makhansala anasankha: pamene anaika ndalama, pamene anazengereza, ndi amene anawasiya kunja. Chigamulo changa n'chakuti njanji ya m'mphepete mwa nyanja ndi ntchito yogwirika, yoyenera kuitamanda. Kanthambi katsopano kopita ku siteshoni ya sitima ya Blackpool North n'kofunika zedi, koma kanamangidwa moyambira kumapeto, ndipo anthu analipira ndi zaka zisanu zoyang'ana njanji zopanda tramu.

Tiyambe ndi tramuyo. Matramu a masiku onse ndi a mtundu wa Flexity 2, opangidwa ndi kampani ya Bombardier, ndipo Blackpool ndiyo inali yoyamba kugula mtunduwu. Anabwera 16 pamene njanji yonse inakonzedwanso mu 2012, enanso awiri anawonjezeredwa mu 2017. Iliyonse ndi yotalika mamita 32, yolumikizidwa zigawo zisanu kuti izitha kukhota, ndipo imakoka magetsi a mavoti 600 pa waya wa pamwamba. Pansi pake m'pofanana ndi nsanja yokwerera, palibe sitepe. Munthu wa pa njinga ya aulumali amalowa yekha, mayi wa pulema ya mwana sachita kupempha wina kuti amunyamulitse, gogo wa ndodo sakweza mwendo. Ichi ndicho chinali cholinga chachikulu cha ntchito yonseyo, chifukwa matramu akale anali ndi masitepe aatali osagwirizana ndi malamulo a dziko la Britain okhudza kayendedwe ka anthu aulumali, ndipo njanji nazo zinali zitatheratu.

Vuto lili pa mipando. Tramu imodzi imanyamula anthu 222, koma mipando ndi 74 yokha. Ikadzaza, anthu awiri mwa atatu alionse aimirira. Kuchokera pa Tower kupita ku malo a zisangalalo a Pleasure Beach palibe chodandaula, ndi mphindi zowerengeka. Koma wogwira ntchito mu hotela amene waimirira tsiku lonse, n'kuimiriranso mpaka ku Fleetwood atapanikizana ndi alendo onyamula maswiti ndi zidole, sangaione tramuyi ngati mmene mlendo amaionera. Ofuna mpando nyengo yotentha akwerere ku Starr Gate kapena ku Fleetwood Ferry kumene tramu imayambira, kapena adikire ipitirire Bispham, kumene alendo ambiri amakhala atatsika.

Kakweredwe n'kosavuta. Imani pa nsanja ya mbali imene mukupita, onani dzina la kumene tramu ikulowera pa chikwangwani cha kutsogolo, ikaima dinani batani la pachitseko kuti chitseguke. Tikiti mumadula mkati kwa kondakitala, ndi ndalama kapena khadi la kubanki, kapena mumagula pa foni kudzera pa pulogalamu ya kampaniyo musanakwere. Ngati mukwera katatu kapena kuposa pa tsiku, tikiti ya maola 24 ndiyo yotchipa, ndipo imagwiranso ntchito m'mabasi a Blackpool Transport. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, funsani musanadule. Mukayandikira siteji yanu dinani batani loimitsa, musaganize kuti dalaivala aima paliponse.

Kusunga makondakitala ndi chisankho chimene anthu owerengera ndalama amachinyoza, koma m'tauni ya alendo n'chanzeru. Ambiri mwa okwera sadziwa kumene akupita, ndipo kondakitala ndiye amawauza potsikira, amathandiza wa njinga ya aulumali kupeza malo ake, amaziziritsa mitima ya oledzera Loweruka usiku. Pamene dongosololi limalephera ndi pa khamu. Tramu ikathithikana, kondakitala sangathe kudutsa mamita 32 a anthu pakati pa masiteji awiri oyandikana, ndiye ena amatsika asanalipire, osati chifukwa chozemba koma chifukwa sanafikiridwe. Ndalama zimatayika usiku umene zikanalowa zambiri.

Agogo ochokera madera ena a England asamale apa. Khadi laulere la okalamba limene limagwira ntchito m'mabasi dziko lonse siligwira pa tramu, kupatula kwa anthu okhala ku Blackpool ndi ku Wyre, chifukwa lamulo limakakamiza makhonsolo kulipirira mabasi okha, ndipo za tramu zili kwa khonsolo iliyonse kusankha. Mpaka 2014 makhadi a madera ena ankaloledwa. Chaka chimenecho ndalama zitachepa mwayiwo unachotsedwa, ndipo ngakhale okalamba a ku Cleveleys ndi Fleetwood anautaya kwa kanthawi mpaka khonsolo ya kwawo italowererapo. Zinafika poti anthu awiri okhala m'mbali mwa njanji imodzi, wina akukwera ulere, mnzake akulipira, kusiyana kwawo malire a khonsolo basi. Chiwerengero cha okwera chinatsika chaka chimenecho, kenako n'kukweranso.

Chiwerengerocho ndicho umboni wamphamvu wakuti ndalama za 2012 sizinapite m'madzi. Ntchito yonse inadya mapaundi pafupifupi 100 miliyoni, gawo lalikulu kuchokera ku boma la ku London, lotsalalo makhonsolo a Blackpool ndi Lancashire. Anachotsa njanji zakale, anamanga galaji yatsopano ku Starr Gate, anamanga nsanja zokwerera, ndipo masiteji anawachepetsa kuchoka pa oposa 60 kufika pa 37. Chaka choyamba cha matramu atsopano maulendo a okwera anali 3.7 miliyoni, ndipo pofika 2018/19 anali 5.2 miliyoni. Kuchepetsa masiteji kunapweteka ena amene tramu inkaima pakhomo pawo, koma popanda kutero ulendo wa ku Fleetwood ukanakhalabe wa alendo okha opanda changu.

Adani a njanjiyi ndi akale ngati njanjiyo: mchenga, mchere ndi mphepo. Itatsegulidwa pa 29 Sepitembala 1885, magetsi ankadutsa mu kangalande ka pansi pakati pa njanji, nzeru ya Michael Holroyd Smith. Mchenga wa kugombe ndi madzi a m'nyanja zinkalowa m'kangalandeko n'kuzimitsa magetsi, mpaka mu 1899 anasamukira ku waya wa pamwamba. Patapita zaka 113, pa 4 Epulo 2012, tsiku loyamba lenileni la matramu atsopano, tramu inachoka pa njanji ku Fleetwood chifukwa cha mchenga umene mphepo inauluza usiku. Chimachitika n'chakuti pamene tramu imayenda mumsewu, njanji imakhala ndi kamzere kokumbika momwe mkombero wa teyala lachitsulo umadutsa. Mchenga ukadzaza kamzereko n'kugwirana ndi chinyezi, teyala limakwera pamwamba n'kuchoka. Mankhwala ake si a luso lapatali ayi, ndi kusesa ndi kupopa mchengawo m'mawa uliwonse mphepo ikaomba. Mchere nawo umadya zitsulo zogwira waya ndi za pansi pa tramu, n'chifukwa chake matramu amatsukidwa kawirikawiri. Mphepo ya mkuntho ikakula, mafunde n'kumadumphira mumsewu, maulendo amadulidwa kapena kuimitsidwa. Mpanda watsopano wa m'gombe, wa masitepe otsetsereka m'nyanja, wachepetsa vutoli pakati pa tauni, koma sunalithetse.

Liwiro limasiyana kwambiri ndi malo. Tramuzi zimatha kuthamanga makilomita 70 pa ola, koma pakati pa Pleasure Beach ndi North Pier, mlatho wolowa m'nyanja, zimayenda ngati zikuperekeza maliro, chifukwa njanji zili pa bwalo limene anthu oyenda pansi amadutsa paliponse, ana akuthamanga, akuluakulu akujambula nyanja atafulatira tramu imene ilibe phokoso. Belu limalira mosalekeza. Kuseri kwa hotela ya Metropole tramu imalowa mumsewu umodzi ndi magalimoto kwa kanthawi. Mukapitirira siteji ya Cabin njanji imakhala payokha pamwamba pa zitunda, ndipo apa ndi pamene mumamva kuti mwakwera chinthu chamakono. Ku Fleetwood imalowanso mumsewu wa Lord Street, ndipo galimoto imodzi yoimikidwa molowerera pa njanji imatha kuimitsa mzere wonse, poti tramu singapatuke.

Tsopano nkhani ya kanthambi ka ku siteshoni ya Blackpool North, imene ikufunika kuifotokoza bwinobwino. Kale matramu ankalowa mkati mwa tauni. Njira ya ku Layton yodutsa mu Talbot Road inatsekedwa mu 1936, ya Lytham Road mu 1961, ya ku Marton mu 1962, ndipo ya Dickson Road, imene inkafika pa siteshoni ya sitima, mu 1963. Inatsala ya m'gombe yokha, ndipo kuyambira pamene Glasgow inatseka yake mu 1962 mpaka Manchester itatsegula njanji yake ya tramu ya Metrolink mu 1992, Blackpool ndiyo inali tauni yokhayo ku Britain yokhala ndi matramu oyenda m'misewu yake tsiku ndi tsiku. Koma wotsika sitima ankayenera kukoka chikwama mtunda wa mphindi khumi kutsetserekera kunyanja kuti akapeze tramu. Kulumikiza ziwirizi kunali kofunika, makamaka njanji ya sitima yochokera ku Preston itaikidwa magetsi mu 2018.

Khonsolo inapeza ndalama, zoposa mapaundi 20 miliyoni, zambiri kuchokera ku thumba la chitukuko la dera la Lancashire, ndipo ntchito inayamba kumapeto kwa 2017. Mtunda wake ndi mamita pafupifupi 600 okha, kuchokera pa North Pier kukwera Talbot Road. Msewu unakumbidwa, mapaipi ndi mawaya a pansi anasunthidwa, mabasi anapatutsidwa, eni masitolo a m'mbali mwa msewuwo anadandaula kuti makasitomala athawa. Pofika 2019 njanji zinali zitayalidwa. Koma pamalo pamene tramu inayenera kuthera panali pataima sitolo yaikulu ya Wilko ndi malo oimika magalimoto pamwamba pake. Sitoloyo inatsekedwa mu 2020, nyumbayo inagwetsedwa chaka chomwecho mliri wa Covid-19 uli mkati, kenako pamalopo anayamba kumanga hotela ya Holiday Inn ya zipinda 144, imenenso ndi ya khonsolo. Siteji ya tramu ili m'kati mwa malo omangawo, ndiye okwera sakanaloledwa kufikapo makina onyamula zitsulo ali pamwamba pawo. Hotela inatsegulidwa mu Meyi 2024, tramu yoyamba yonyamula anthu inafika pa 16 Juni 2024.

Mliri unachedwetsa zinthu, zimenezo n'zoona, koma cholakwika chinachitika mliri usanabwere. Anayala njanji asanatsimikize tsiku limene malo othera adzakhale m'manja mwawo opanda kanthu, ndipo anamangirira siteji ya tramu ku ntchito ina yaikulu ya hotela, kotero kuti kuchedwa kulikonse kwa hotela kunali kuchedwa kwa tramu. Pali chifukwa chake zimatero: ndalama zochokera ku boma zimabwera ndi tsiku loti zikhale zitagwiritsidwa ntchito, ndiye khonsolo imathamangira kuyamba chigawo chimene chili chokonzeka poopa kuzibweza. Zikumveka, koma wamalonda wa mu Talbot Road anapirira fumbi mu 2018 n'kudzaona phindu lake mu 2024, ngati sitolo yake inali ikadalipo.

Zitatha zonsezo, chinthucho chikugwira ntchito. Mukatsika sitima pa Blackpool North mumadutsa njira ya pansi pa msewu n'kutulukira pa siteji ya tramu, osawoloka pakati pa magalimoto. Kwa banja lochokera ku Manchester ndi ana ndi zikwama, kusiyana kwake n'kwakukulu. Chosokoneza ndi pa North Pier, pamene njanji zapanga mphanda ya nthambi zitatu: tramu yochokera kumwera kapena kumpoto ikhoza kupitirira m'gombe kapena kukhotera ku siteshoni. Kagawidwe ka maulendo kakhala kakusintha malinga ndi nyengo, ndipo mlendo amene sanawerenge chikwangwani amapezeka akukwera Talbot Road pamene amafuna ku Bispham. Kanthambika kali ndi mtengo wake kwa anthu a m'tauni. Ndi njira yosatulukira, kotero tramu ikafika kumapeto dalaivala amasamukira ku chiwongolero cha mbali inayo, n'kubwereranso podutsa maloboti omwewo. Ulendo wodutsira ku siteshoni umawonjezera mphindi zingapo kwa munthu wochokera ku Cleveleys kupita ku South Shore amene alibe nazo ntchito sitima. Kukagawa matramu m'njira zosiyana, aliyense amadikira nthawi yaitali pa siteji. Ndi matramu 18 okha, khonsolo singakondweretse onse awiri, ndipo yankho lenileni n'kugula ena.

Siteji yatsopanoyi ndi gawo la chikonzero chachikulu chotchedwa Talbot Gateway, chimene cholinga chake n'kudzaza dera lozungulira siteshoni ndi anthu ogwira ntchito za mu ofesi chaka chonse: maofesi a khonsolo ndi sitolo ya Sainsbury's zinatsegulidwa mu 2014, kenako hotela, kenako nyumba ya ogwira ntchito m'boma oposa 3,000 a unduna woona za ntchito ndi penshoni. Khonsoloyi ili ndi chizolowezi chogula zinthu yokha pamene amalonda akuzengereza. Italephera kupeza chilolezo cha kasino yaikulu mu 2007, chimene chinapatsidwa kwa Manchester, inagula Tower ndi nyumba ya zisangalalo ya Winter Gardens mu 2010, bwalo la ndege mu 2017, ndi malo a masitolo a Houndshill mu 2019. Tramu imapindula ndi zimenezi, chifukwa wogwira ntchito mu ofesi amakwera mu Febuluwale pamene alendo kulibe.

Koma yang'anani mapu. Njanji imatsata nyanja, pamene anthu ambiri a ku Blackpool amakhala kumtunda, ku Layton, Marton, Grange Park ndi Mereside. Chipatala chachikulu cha Victoria chili kutali ndi njanji. Pa kafukufuku wa boma wa umphawi wa 2019, madera asanu ndi atatu mwa khumi osaukitsitsa mu England yonse anali mu Blackpool. Ena mwa maderawo ali kuseri kwenikweni kwa mahotela a m'gombe ndipo tramu imawathandiza, koma kwa a kumtunda thandizo lawo ndi basi. Ubwino wake ngwakuti mabasiwo ndi a kampani yomweyo ya khonsolo, tikiti ndi imodzi, ndipo phindu silipita kwa eni masheya akutali. Komabe munthu wa ku Mereside akafunsa kuti mapaundi oposa 120 miliyoni a njanji anamupindulira chiyani, yankho loona n'lakuti pang'ono. Amene anapindula kwambiri ndi a ku Fleetwood, tauni ya asodzi imene inataya sitima yake ya pamtunda yonyamula anthu mu 1970, ndipo tsopano ili ndi njira ya njanji yofikira ku siteshoni.

Za matramu akale ndinene mwachidule. A nsanjika otchedwa Balloon ndi opanda denga otchedwa Boat, a m'zaka za m'ma 1930 pamene Walter Luff anali mkulu wa zamtengatenga, anasungidwa ku galaji yakale ya Rigby Road ndipo kuyambira 2012 ankayenda maulendo apadera a alendo, a mtengo wakewake. Mu Disembala 2024 kampani inaimitsa maulendowo mwadzidzidzi potchula nkhani za chitetezo ndi kayendetsedwe, ndipo anthu anakwiya kwambiri. Nkhawayo ili ndi maziko: tramu ya zaka 90 ilibe zida zodziletsa liwiro zimene matramu amakono akuikidwa kuchokera pa ngozi ya tramu ya ku Croydon ya 2016 imene inapha anthu asanu ndi awiri, ndipo galaji ya Rigby Road ikufunika ndalama zambiri zokonzera. Koma kulengeza kwake kunali kwa mwano kwa anthu odzipereka amene anasamala matramuwa zaka zambiri. Ngati mukupitira matramu akalewa, tsimikizani kaye kuti akuyenda tsiku limenelo.

Nthawi yovuta kwambiri kukwera ndi ya magetsi okongoletsa a Illuminations, amene amayatsidwa chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala pa mtunda wa makilomita 10 kuchokera ku Starr Gate kufika ku Bispham, ndipo kuyambira 2020 akhala akuyaka mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Loweruka madzulo msewu wa m'gombe umatsekeka ndi magalimoto, tramu n'kumadutsa pambali pawo, ndipo aliyense amaifuna. Pa siteji ya Tower mukhoza kuona matramu awiri kapena atatu akudutsa odzaza. Chochita n'kukwera kukadali kowala kupita ku Bispham, kuyenda pansi pakati pa zithunzi zowala za pa zitunda kubwerera chakumwera mpaka ku Cabin, n'kukwerera pamenepo. Valani chofunda cholimba, chifukwa tinyumba todikiriramo timateteza mvula yochokera kumwamba koma osati mphepo yochokera kunyanja. Ofuna ulendo wabata apite m'kati mwa sabata m'mawa, akhale mbali ya kunyanja, atsike ku Fleetwood Ferry, ndipo ngati madzi sanaphwe kwambiri awoloke mtsinje wa Wyre pa boti kupita ku Knott End, ulendo wa mphindi zochepa umene tikiti ya tramu siilipirira.